Mkanda wa Masiku a Selestina

Nchema, Chiradzulu
9 Novembala 1911

Achimwene a Mateyu,

Moni wochokera kuno kwanu. Ndine Phoebe, mlongo wanu wamng'ono. Tikhulupirira kuti muli bwino ku Halaleko, ndiponso kuti ntchito yanu ya ukalaliki m'chipatala ikuyenda. Ife tadzuka, koma sitinadzuke mofanana tonse, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Achemwali a Selestina ayambanso zija za chaka chatha, koma tsopano zanyanya. Chiyambire mitambo kusonkhana, tulo alibe. Munda wawo anaumaliza m'masiku anayi, kenaka analowa m'munda wa eni osapemphedwa, nalima mizere yopingasa pamwamba pa mizere ya mwini. Amayankhula kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nkhani ina isanathe ina yayamba kale. Lachiwiri anatsegula nkhokwe naitana amtengatenga odutsa pamsewu: "Bwerani, ana a eni, mwaonda ngati udzudzu!" Chimanga cha mbewu chimene chinali patsindwi chinapita momwemo. Lachinayi anakusa mbuzi zonse zitatu mpaka ku Mauwa, kukasinthanitsa ndi mpukutu wa biriwita kwa a Salimu ogulitsa nsalu. A Salimu anakana kawiri. Akazi awo, a Habiba, anati, "Selestina, kaitane kaye amuna ako." Iwo anangomangirira mbuzi pansanamira, nasenza nsalu, nachoka akuimba. Pofika kunyumba anaidula yonse ndi mpeni kuti mwana aliyense wa m'mudzi avale. Ana avala ndithu, koma khola lili pululu.

Amuna awo, alamu a Mathero, atopa. Dzulo anandiuza kuti, "Iwe wodziwa kulemba, uwauze achimwene ako. Kwathu munthu wotere timamuika m'goli mpaka mutu uzizire. Koma ine pano ndine mkamwini. Khosi la mwana wa eni sindingaligwire popanda mawu a mwini mbumba." Achemwali atamva anaseka nati, "Goli? Ukawasemere amako!"

Ana awo, Ellina ndi kakhanda Matilda, ali bwino, koma Matilda amayamwa amake ali chiimire. Amayi ndi amalume anatisiya, mwini mbumba ndinu. Tonse tikudikira mawu anu. Tumizani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Phoebe

*

Halale
20 Disembala 1911

Kwa Phoebe Kalinde, ndipo kudzera mwa iye kwa alamu anga a Mathero ndi kwa Selestina,

Moni nonse. Kalata yanu ya pa 9 Novembala yandifika pa 18 Disembala. Ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse mkwiyo wanga wakula.

Ndiyambe ndi goli. Alamu, liwu limenelo lisadzatulukenso pakamwa panu muli pabwalo la amayi anga. Inu munabwera pamudzi pathu iwo atamwalira kale, choncho khosi lawo simunalione. Ife tinaliona. Pansi pa makutu panali zipsera ziwiri za goli limene ogula anthu anawaveka akali mtsikana, ndipo kufikira imfa yawo sankalola ngakhale mkanda kukhudza pamenepo. Mwana wa mayi ameneyo sadzalowetsa khosi m'mphanda ya mtengo ine ndikali moyo. Ndakana, ndipo nkhaniyo yatha.

Tsopano za Selestina. Phoebe, ndikukulamula kuti ndime yotsatirayi uiwerenge mokweza, iye atakhala pansi, pamaso pa alamu ndi akulu a pamudzi, osadumpha liwu ngakhale limodzi. Chimene chachitika poyera chidzudzulidwe poyera.

Selestina, wandichititsa manyazi. Ine ndimagwira ntchito pakati pa odwala mutu enieni. Maina awo ndimawalemba m'kaundula tsiku ndi tsiku, ndipo ndimadziwa kusiyanitsa wodwala ndi wosamva. Iwe sukudwala. Wangolekerera mtima wako ngati mbuzi yoduka chingwe. Mbewu imene amayi anaisunga m'zaka za njala, osaidya ngakhale tinkalira, iwe waimwaza kwa alendo amene dzina lako salidziwa. Mayi wogawa chakudya cha ana ake kuti anthu amuombere m'manja si mzati wa pamudzi koma katundu. Ana akowo akadakhala bwino m'manja mwa wina. Lowa m'nyumba. Tseka pakamwa. Usaoneke pabwalo kufikira utazindikira chimene uli.

Mbewu yobzala mupemphe kwa anansi m'dzina langa. Mundidziwitse tsiku limene kalata ino yawerengedwa ndi zimene iye wayankha.

Ndine,
Mateyu Kalinde
Wosunga kaundula

*

Nchema
12 Febuluwale 1912

Achimwene,

Moni. Ndakupatsani moni chifukwa ndi mwambo, osati chifukwa mtima wanga uli m'malo.

Kalata yanu inagona ku positi masabata awiri chifukwa mitsinje inadzaza, ndipo inatifika pa 6 mwezi uno. Munthu amene munamulembera uja kunalibe. Selestina woimba, wogawa chimanga, anatha Khirisimasi isanafike. Kuchokera pamenepo achemwali agona atayang'ana kukhoma. Sasamba, sapesa, phala timachita kuwakakamiza. Matilda akalira amangomuyang'ana ngati mwana wa mlendo, kenaka iwonso n'kuyamba kulira, amvekere, "Ndine mayi wanji ine?"

Ndinawauza alamu kuti kalatayi tiisunge kaye. Iwo anati, "Mawu a mwini mbumba sabisidwa. Mwini wake wati mokweza, iwe ndiwe yani?" Akulu anasonkhana. Achemwali tinawatulutsa titawagwira m'khwapa, tinawakhazika pamphasa, ndipo ine ndinawerenga osadumpha liwu, monga munalamulira. Nditafika paja munati ana akadakhala bwino m'manja mwa wina, anagwedeza mutu nati, "Achimwene ndi ophunzira, anena zoona. Ndimayesa ndikudziwa ndekha."

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, anandipatsa Matilda nanena kuti akukasamba. Ndinakondwera, chitsiru ine, kuti lero afuna madzi. Anawapeza ndi a Habiba, padziwe lakuya lija la kumunsi kwa madimba, madzi ali m'chifuwa, iwo akupitabe. A Habiba anali paulendo wobwera kuno ndi mbuzi imodzi yoti atibwezere. Anataya chingwe, nalowa m'madzi ndi nsalu zawo, nawakoka tsitsi. Akuti achemwali sanalimbane nawo. Anangoti, "Mwadzivutitsiranji, amayi?" A Habiba anati, "Ndavutika kale. Tsopano yenda, mbuzi yako ikudya ndiwo za eni."

Ali moyo. Mipeni ndi zingwe tazichotsa m'nyumba, ndipo timasinthana kuwayang'anira, ine ndi alamu, nthawi zina a Habiba. Munati tikudziwitseni tsiku ndi yankho, ndi zimenezo. Inu mumadziwa kusiyanitsa wodwala ndi wosamva. Tiuzeni tsono, uyu ndi uti?

Phoebe

*

Halale
28 Malichi 1912

Kwa Phoebe,

Moni. Kalata yako ya pa 12 Febuluwale yandifika pa 25 Malichi. Kwa a Habiba ukapereke kuthokoza kwanga ndi ulemu wonse, utagwada.

Tsopano iwe. Ndinaumirira kuti ukhale pasukulu zaka zisanu, pamene ena ankati ukwatiwe, kuti udziwe kuwerenga pepala. Sindinadziwe kuti pophunzira pepala udzaiwala kuwerenga nkhope ya munthu. Unaona ndi maso ako kuti wagona, komabe unamuwerengera mawu olembedwera munthu woimirira. Alamu atakukakamiza, ukadang'amba tsambalo n'kunena kuti lanyowa ndi mvula. Ndakwiya nawe, ndakwiya ndi alamu, ndakwiya ndi mitsinje imene inagoneka kalata yanga. Komabe mawuwo anali anga, ndipo pa chinthu chimodzi ndinalakwa: Selestina akudwala.

Ndikutero chifukwa makalata ako awiri ndinapita nawo kwa dokotala wamkulu wa pano, amene kwa zaka zambiri wakhala akufufuza nthenda za maganizo. Nditamumasulira sanadabwe. Anati si nthenda ziwiri ayi, koma imodzi yokhala ndi nyengo ziwiri. Pa nyengo yokwera munthu sagona, satopa, ndipo pakati pa kulakalaka chinthu ndi kuchichita sipakhala mpata woti nzeru ilowepo. Mbuzi zimapita iye asanakumbukire kuti mawa kuli. Pa nyengo yogwa munthu yemweyo amadziona ngati chinyalala, ndipo liwu lililonse loipa amalilandira ngati chiweruzo chomaliza. Si ufiti, si mizimu, si mwano. Dokotalayu akusonkhanitsa mbiri za odwala otere kuti aone ngati nyengozi zili ndi dongosolo, pakuti chimene chili ndi dongosolo munthu angathe kuchikonzekera.

Choncho uchite izi mosaphonya. Utenge chipanda chouma. Tsiku lililonse dzuwa likamalowa uziponyamo mbewu imodzi: chimanga choyera ngati anali wokwera, nyemba yakuda ngati anali wogwa, nandolo ngati anali Selestina amene timamudziwa. Usadalire kukumbukira, usaponye ziwiri kuti ulipire tsiku loiwalika. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi unditumizire.

Ndime yotsatirayi umuwerengere iye yekha, motsitsa mawu.

Selestina, mlongo wanga, mawu aja ndawabweza onse. Ana ako alibe mayi wina, ndipo safuna wina. Dzuka. Tuluka pabwalo. Pita kumene ukufuna, chita chimene mtima wako ukufuna, ndipo aliyense wokuletsa adzayankha kwa ine. Ndalemba ndi dzanja langa, ine mwini mbumba.

Mateyu Kalinde

*

Nchema
30 Okutobala 1912

Alamu,

Moni. Ndine Mathero. Ndapempha aphunzitsi a pasukulu kuti andilembere, chifukwa Phoebe wakana, akuti mawu anga ndi onyansa. Aphunzitsi, lembani momwe ndikunenera, musakometse.

Pepala lanu lotsekemera lija linafika mu Meyi. Linathandiza, sindinama. Mkazi wanga anadzuka, anakolola nafe, ndipo miyezi isanu tinakhala ngati anthu. Koma pepalalo analipinda n'kulimanga pamfundo ya nsalu yake ngati chithumwa. Mwezi uno utangoyamba, tulo tinathawanso. Anakwera padenga n'kuyamba kusasula udzu, akuti nyumba ndi yaing'ono, amanga ina ya zipinda khumi. Nditati tsika, anamasula pepala lanu n'kuligwedeza pamphuno panga: "Werenga, mbuli iwe! Achimwene analemba kuti ndichite chimene mtima wanga ukufuna, ndipo wondiletsa adzayankha kwa iwo!" Anthu amene anabwera kudzandithandiza anabwerera chambuyo. Ndani angalimbane ndi pepala la mwini mbumba?

Lachisanu anabereka Matilda n'kunena kuti akupita ku Halale kukakuthokozani. Wapansi, alamu. Wopanda kamba, wopanda madzi, dzuwa la Okutobala. Tinamupeza tsiku lachitatu kupitirira Likoswe, mapazi atang'ambika, akufunsa mtengo wa mbawa njira ya kwanuko. Mwana anali lende kumsana, milomo itauma, osalira n'komwe. Wachira, koma masiku awiri sitinadziwe ngati tiitane anthu kumaliro.

Tsono imvani. Goli ndasema, ndipo alimo. Sindinadikire mawu anu, chifukwa mawu anu amafika maliro ataikidwa kale. Ndalikulunga nsanza kuti lisamudye khosi. Ine si wogula anthu. Inu muli kutali, mumadya ndi supuni, mumalamula ndi inki. Amene amathamanga m'tchire kufunafuna mwana ndine. Akuti kutauni kuli nyumba yotsekeramo anthu otere. Lolani ndimuperekeze kumeneko. Mukakana, nditenga khasu langa ndi mphasa yanga, mubwere mudzamuyang'anire ndi cholembera chanu.

Mathero

Pansipa ndalemba ine Phoebe. Achimwene, mbewu zanu ndasunga, koma osati m'chipanda. M'chipanda masiku amasakanikirana, simungadziwe latsogola ndi liti. Ndakhala ndikuziboola ndi singano n'kuzitunga pa ulusi ngati mkanda, tsiku ndi tsiku. Mfundo ya poyambira ulusi ndi tsiku limene kalata yanu inafika. Mkandawo uli m'phukusi. Za goli ndinakana, koma ndili ndi manja awiri okha.

*

Halale
14 Disembala 1912

Kwa a Mathero,

Moni wa mwambo ndakupatsani. Kalata yanu ya pa 30 Okutobala, pamodzi ndi phukusi, ndalandira pa 11 Disembala.

Mwasema goli. Mwalikulunga nsanza, ndipo mukuyembekeza kuti ndikuthokozeni chifukwa cha nsanzazo. Munabwera pamudzi pathu ndi nkhwangwa kudzamanga nyumba. Sitinadziwe kuti nkhwangwa yomweyo idzasemera mlongo wanga mtengo wa ukapolo. Munadziwa mawu anga, munawamva akuwerengedwa, ndipo mwawaponda. Tsiku limene kalata ino idzawerengedwe, chikhomo cha golilo chizulidwe dzuwa lisanalowe.

Za nyumba ya kutauni, simukudziwa chimene mukupempha. Ine ndikudziwa, pakuti kaundula wa nyumba yotero ali m'manja mwanga zaka zisanu ndi chimodzi. Tsamba lililonse lili ndi mizere inayi: dzina, kwawo, tsiku lolowa, tsiku lotuluka. Mzere wachitatu ndimaudzaza sabata iliyonse. Wachinayi umakhala woyera kwa zaka, ndipo ndikafika poulemba, kawirikawiri ndimaika kamtanda pambali. Anthu ogwira ntchito muno si ankhanza, koma mankhwala a nthendayi alibe. Ali ndi makoma ndi makiyi basi. Ndakana.

Mkanda wa Phoebe ndinauonetsa dokotala. Anauyala patebulo, nauyeza ndi rula, nakondwera ngati munthu watola chuma panjira. Anati pa mbiri makumi anayi zimene wasonkhanitsa palibe yolongosoka chotero, ndipo ikuchirikiza ganizo lake lakuti mwa anthu ena nthendayi imayendera nyengo za chaka. Anapempha kuti ausunge m'kabati mwake. Ndinamufunsa chimene tingachite. Anati, "Munthu amene iye amamumvera akhale naye pafupi masiku oyerawa asanayambe." Ndinayankha kuti ndimalemba makalata mosadumpha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, ndipo sindinakonde kayang'anidwe kameneko. Mkanda ndinautenga. Si wa m'kabati. Ndi miyezi isanu ndi umodzi ya moyo wa mlongo wanga.

Phoebe, pa nkhani ya chipanda unakhoza ndiwe. Pitiriza kutunga.

Kwa Selestina sindilemba kanthu. Kawiri konse mawu anga asanduka mpeni m'manja mwake, ndipo kachitatu sindilola. Musamuwerengere liwu lililonse la m'kalata ino.

Mateyu Kalinde

*

Nchema
20 Juni 1913

Achimwene,

Moni. Ndine Selestina. Dzanja ndi la Phoebe, koma ndamuuza kuti akasintha liwu ndimukoka khutu. Ano ndi masiku a nandolo, mutu wanga uli bwino ngati wanu, choncho musanene kuti ikuyankhula ndi nthenda.

Goli anandichotsa mu Disembala kalata yanu isanafike, chifukwa munthu wogona safuna goli. Kalatayo inafika kumapeto kwa Januwale. Ndinamva akufuula panja kuti kalata ya ku Halale, ndipo ndinadzikoka mpaka pakhomo, koyamba m'masabata atatu. Ndinafunsa, "Ine andiuza chiyani?" Phoebe anayang'ana pansi. Ndinafunsanso. Anati, "Palibe." Kodi mukudziwa kulemera kwa "palibe" kwa munthu wa nyemba zakuda? Kutukwana kuja kunali bwino, chifukwa wokutukwana amakhala akukuonabe. Tengani mkanda wachiwiriwu, muwerenge nyemba zimene zatsata mfundo.

A Mathero anapita kwawo mu Malichi, ndi khasu ndi mphasa, monga ananenera. Sindiwada. Anasenza zimene inu munkangozilemba.

Inu mumakwiyira aliyense: Phoebe, alamu anu, positi, mitsinje. Lero ndikwiyeko ine. Mwalembera akazi atatu, onsewo ine ndemwe, ndipo onse anali atachoka kale pamene kalata inkafika. Vuto si lakuti sindikumverani. Vuto ndi lakuti ndimakumverani. Munati tseka pakamwa, ndinatseka mpaka kudziwe. Munati pita, ndinapita mpaka ku Likoswe, mwana wanga akuuma kumsana. Tsopano Matilda ndikamuyandikira ndi nsalu yoberekera amathawira kwa Phoebe. Zimenezo dokotala wanu waziyeza ndi rula?

Ndikuuzeni chimene iye sadziwa. Chimanga choyera sichibwera mwakuba. Tchire likatha kupsa, mphepo yotentha ikayamba, pamakhala masiku atatu pamene chakudya chimakoma mopitirira, miyendo imayabwa, ndipo ndimadziwa ndithu kuti chikubwera. M'masiku atatuwo munthu amene ndimamuopa atati, "Selestina, pereka mwana kwa Phoebe, khala apa timenye nandolo," ndikhoza kumva. Likafika lachinayi sindimvanso ngakhale bingu.

Pamudzi pano mwamuna wa mbumba yathu palibe, ndipo Phoebe yekha sangandigwire. Choncho ndaitana akulu ndekha, ndili bwinobwino, ndawauza kuti mphepo yotentha ikadzayamba andiperekeze ku nyumba ya makiyi ija. Za mzere wanu wachinayi Phoebe wandiuza, ndamva. Bola dzina langa likhale pamzere woyera kusiyana ndi kuti la Matilda likhale pamtanda. Akulu ati adikira mawu anu, poti ndi mwambo. Lolani. Ndipo musavutike kukwiya papepala. Pamene lizidzafika ndidzakhala munthu wina.

Ndine mlongo wanu,
Selestina

*

Beira
4 Sepitembala 1913

Kwa Phoebe,

Moni kwa iwe, kwa Selestina, kwa Ellina ndi Matilda. Kalata ya pa 20 Juni ndinailandira pa 29 Julaye. Kanayi ndinayamba kuiyankha, ndipo kanayi ndinang'amba.

Mikanda iwiri ija ndinailumikiza n'kuiyala pansi m'chipinda changa, ndipo pambali pake ndinandanda makalata onse monga mwa masiku ake. Ndakhala wosunga kaundula zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinapezekepo ndi tsiku lolakwa ngakhale limodzi. Nyemba zotsata mfundo yachiwiri ndinaziwerenga monga Selestina anandiuzira: zilipo makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. Ndakwiya kuposa kale lonse, ndipo ulendo uno wolakwa sindikumufuna patali.

Uwauze akulu kuti ndakana. Ndakana goli, ndakana nyumba ya makiyi, koma tsopano ndikudziwa kuti munthu wokana ali kutali amangosenzetsa ena kukana kwake. Ntchito ndasiya pa 31 Ogasiti, ndipo ndikulemba ndili padoko la Beira, panjira ya kwathu. Dokotala anati ndikutaya mpando umene ambiri akuulirira, napempha kuti ndizimutumizira mikanda chaka ndi chaka. Ndinayankha kuti adzalandira chiwerengero cha masiku ngati mwini masikuwo alola, pamodzi ndi nkhani ya masiku atatu aja, imene m'mbiri zake mulibe. Koma mikanda ikhala kwathu. Kaundula ndinamupereka wopanda banga. M'buku la antchito, pa dzina langa, tsiku lotuluka ndinalemba ndekha, ndipo kamtanda panalibe.

Goli musalitenthe, musalitaye. Ndidzaliwaza ndekha pamaso pa akulu. A Habiba uwauze kuti ndidzafika ku Mauwa kudzawathokoza ndi pakamwa. Kwa a Mathero ndidzapitanso. Ndili nawo mawu, ena aukali, ena ayi. Undipezere khasu. Manja anga ndi ofewa, ndipo ndikukulolani kuseka tsiku limodzi lokha.

Selestina umuuze chinthu chimodzi chimene chidzakhale choona kaya ali pa nandolo, pa chimanga, kapena pa nyemba: ndikubwera, ndipo sindibwereranso. Mawu ena onse ndawasunga m'kamwa. Ndidzasankha oyenera ndikadzaona nkhope yake.

Kalata ino ikwera sitima imodzi ndi ine mawa. Iyo idzagona ku positi, ine sindidzagona panjira. Ikadzayamba kufika ndi iyo, uchite zimene ndalemba. Ndikadzayamba ndi ine, monga ndatsimikizira mtima, usaitsegule n'komwe. Ndi imeneyo tidzayatsire nkhuni za goli.

Ndine mlongo wanu,
Mateyu